Mwana Akabwera ndi Kalata ya Ulendo wa ku Dachau: Malangizo kwa Makolo Okhala ku Germany

Ngati mwana wanu akuphunzira pasukulu ya sekondale ku Germany, dziwani kuti tsiku lina, kawirikawiri akafika kalasi 9 kapena 10, akhoza kubwera kunyumba ndi kalata yochokera kwa aphunzitsi a mbiri yakale yopempha kuti musayine chilolezo cha ulendo. M'kalatamo mudzaona mawu akuti Gedenkstätte, amene amatanthauza malo achikumbutso, ndipo pambali pake padzakhala dzina ngati Dachau, Buchenwald, Sachsenhausen, Neuengamme kapena Bergen-Belsen, malingana ndi dera limene mukukhala. Amenewa ndi malo amene boma la chipani cha Nazi linkatsekerako ndi kuzunzirako anthu pakati pa 1933 ndi 1945. Kholo limene linakulira kwathu likhoza kusayina msangamsanga poganiza kuti ndi ulendo ngati uja wa ana a sukulu opita kukaona njovu ku Liwonde, koma ulendo umenewu ndi wamtundu wina. Ajeremani angapo amene ndinawafunsapo zimene amakumbukira za kusukulu anali ataiwala mayina a aphunzitsi awo ambiri, koma tsiku limeneli ankalifotokoza ngati zachitika dzulo.

Yambani ndi kudziwa malo enieniwo

Musanakambirane chilichonse ndi mwanayo, werengani dzina la malo ali m'kalatamo ndipo mufufuze mbiri yake, chifukwa misasa imeneyi sinali yofanana. Msasa wa Dachau, umene uli pafupi ndi mzinda wa Munich, unatsegulidwa pa 22 Malichi 1933, patangopita milungu yochepa Adolf Hitler atalandira utsogoleri wa boma pa 30 Januwale chaka chomwecho. Oyamba kutsekeredwamo anali Ajeremani eniake: anthu a chipani cha chikomyunizimu, andale ena otsutsa ndiponso atsogoleri a mabungwe a anthu apantchito. Pambuyo pake munalowa Ayuda, anthu a mtundu wa Sinti ndi Roma, a Mboni za Yehova, amuna ogonana ndi amuna anzawo, komanso atsogoleri a mipingo oposa 2,700, amene ambiri mwa iwo anali ansembe a Chikatolika ochokera ku Poland. Anthu oposa 200,000 anadutsa m'msasa umenewu ndi m'nthambi zake, ndipo osachepera 41,500 anafa ndi njala, matenda, ntchito yakalavulagaga, kuwomberedwa kapena kuyeseredwa mankhwala, kufikira pamene asilikali a ku America anafika pa 29 Epulo 1945. Buchenwald ili paphiri la Ettersberg pafupi ndi Weimar. Inatsegulidwa mu 1937, kunafera anthu pafupifupi 56,000, ndipo wotchi ya pachipata chake mpaka lero imaloza 3:15, nthawi imene msasawo unamasulidwa masana a pa 11 Epulo 1945.

Muuzeninso mwanayo kuti malo amene ankapherako anthu mwaunyinji ndi mpweya wa poizoni, monga Treblinka, Sobibor, Belzec ndi Auschwitz-Birkenau, anali m'dziko la Poland limene Ajeremani analilanda nkhondo itayamba pa 1 Sepitembala 1939. Ku Auschwitz kokha kunaphedwa anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, ambiri mwa iwo Ayuda, ndipo mu Ulaya monse munaphedwa Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Asalakwitse n'kumati inali misasa ya anthu a ku Poland, chifukwa anaimanga ndi kuiyendetsa ndi Ajeremani, ndipo mnzake wa m'kalasi wochokera ku Poland akhoza kukhumudwa kwambiri akamva zimenezo.

Mvetsani kusiyana kwa kulakwa ndi udindo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo kholo likapamvetsa bwino, zotsalazo sizivuta. M'kalasi, aphunzitsi amasiyanitsa mawu awiri, Schuld ndi Verantwortung. Oyambawo ndi kulakwa, kwa munthu amene anachita choipacho ndi manja ake kapena anachilola. Achiwiriwo ndi udindo, umene umagwera aliyense wokhala m'dzikomo lero, woti adziwe zimene zinachitika ndi kuonetsetsa kuti zisabwerezedwe. Mwana wa zaka 15 sauzidwa kuti ndi wolakwa chifukwa cha zimene agogo a makolo ake anachita, koma amauzidwa kuti alibe ufulu wonamizira kusadziwa. Ife timati mlandu suwola, ndipo mwina palibe mawu achidule amene angafotokoze bwino maganizo amenewa kuposa mwambi wathuwo.

Koma musaganize kuti Ajeremani anafika pamenepa nkhondo itangotha pa 8 Meyi 1945. Milandu ya ku Nuremberg ya 1945 ndi 1946 inazengedwa ndi mayiko amene anapambana nkhondo, osati ndi Ajeremani eni ake, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anthu ambiri ku West Germany anasankha kukhala chete, pamene ena amene anatumikira boma la Nazi anabwerera pantchito zawo monga oweruza milandu, madokotala, apolisi ndi aphunzitsi. Chete ameneyu anayamba kusweka pamene Fritz Bauer, woimira boma pamilandu amenenso anali Myuda, analimbikira kuti ogwira ntchito ku Auschwitz azengedwe mlandu ku Frankfurt kuyambira 1963 mpaka 1965. Kenako cha m'ma 1968 ophunzira a m'mayunivesite anayamba kufunsa makolo awo maso ndi maso kuti anali kuti ndipo ankachita chiyani pa nthawi ya nkhondo. Pa 7 Disembala 1970, mtsogoleri wa boma Willy Brandt anagwada pachipilala chokumbukira Ayuda a ku Warsaw, ngakhale kuti iye mwini anathawa m'dzikomo pa nthawi ya Hitler ndipo analibe mlandu, ndipo nzika zambiri pa nthawiyo zinaona ngati wawonjeza. Panadutsa zaka zina pafupifupi 15 kuti pulezidenti Richard von Weizsäcker, polankhula m'nyumba ya malamulo pa 8 Meyi 1985, anene poyera kuti tsiku limene dziko lawo linagonja linali tsiku la kumasulidwa, ndiponso kuti achinyamata alibe mlandu pa zakale koma ali ndi udindo pa zimene zidzatuluke m'mbiri imeneyo. Tsiku la 27 Januwale, limene asilikali a Soviet Union anamasula Auschwitz, linakhala tsiku lachikumbutso m'dzikomo mu 1996.

Ku East Germany nkhani inayenda mosiyana. Boma la kumeneko linkaphunzitsa kuti ilo ndi la anthu amene analimbana ndi chipani cha Nazi, moti ana a sukulu opita ku Buchenwald ankamva kwambiri za mtsogoleri wachikomyunizimu Ernst Thälmann, amene anaphedwa kumeneko mu 1944, kusiyana ndi za Ayuda. Sankauzidwanso kuti kuyambira 1945 mpaka 1950 asilikali a Soviet Union anagwiritsa ntchito malo omwewo ngati ndende, ndipo anthu oposa 7,000 anaferamo. Ngati mukukhala ku Leipzig, Dresden kapena Erfurt, musadabwe mukamva achikulire akufotokoza ulendo wawo wa kusukulu mosiyana ndi mmene achikulire a ku Cologne angafotokozere.

Khalani naye pansi ulendo usanafike

Patulani madzulo amodzi, kutatsala masiku angapo, kuti mucheze naye popanda foni kapena wailesi yakanema. Mufunseni zimene aphunzira kale m'kalasi, ndipo mwina mudzadabwa kuti akudziwa zambiri kuposa inu: malamulo a ku Nuremberg a 1935 amene analanda Ayuda unzika, usiku wa pa 9 Novembala 1938 pamene masunagoge anatenthedwa, msonkhano wa ku Wannsee wa pa 20 Januwale 1942 pamene akuluakulu a boma la Nazi anakonza dongosolo lophera Ayuda a mu Ulaya, ndiponso Hans ndi Sophie Scholl, ophunzira a ku Munich amene anaphedwa podulidwa mitu pa 22 Febuluwale 1943 chifukwa chogawa timapepala totsutsa boma. Masukulu ambiri m'dzikomo amatchedwa ndi dzina la awiriwa, mwinanso ndi sukulu ya mwana wanu yomwe. Musachite manyazi kuphunzira kwa iye, pajatu safunsa anadya phula.

Chimene inu muyenera kumuuza mosapita m'mbali ndi nkhani ya malamulo. Ku Germany, kuonetsa poyera chizindikiro cha chipani cha Nazi, kutukula mkono mwa malonje a Hitler kapena kutchula mawu a malonjewo ndi mlandu pansi pa gawo 86a la malamulo a milandu, ndipo chilango chake chikhoza kufika zaka zitatu m'ndende. Kukana poyera kapena kuchepetsa kuphedwa kwa Ayuda ndi mlandu pansi pa gawo 130, umene chilango chake chimafika zaka zisanu. Mwana amayamba kuyankha milandu ali ndi zaka 14, ndipo kukhala mlendo si chodzitetezera, monga anaonera alendo awiri ochokera ku China amene anamangidwa ku Berlin mu 2017 chifukwa chojambulana zithunzi atatukula mikono kutsogolo kwa nyumba ya malamulo ya Reichstag. Kwathu munthu akhoza kutcha mphunzitsi wankhanza kuti Hitler anthu n'kuseka, koma kumeneko nthabwala yotere imathetsa macheza nthawi yomweyo. Tithunzi toseketsa totumizirana pa WhatsApp m'gulu la kalasi nato tikhoza kufikitsa apolisi pakhomo panu, ngakhale mwanayo atangopatsira ena chimene walandira.

Akafunsa kuti zikumukhudza bwanji

Mwana wathu akhoza kufunsa kuti iye, wakhungu lakuda wochokera ku Africa, nkhani ya azungu ophana okhaokha ikumukhudza pati. Funsoli musalikanize, chifukwa lili ndi yankho. Muuzeni za Bayume Mohamed Husen, amene anabadwira ku Dar es Salaam, anatumikira m'gulu la asilikali a Germany ali mwana pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, n'kudzapita ku Berlin kumene ankathandiza kuphunzitsa Chiswahili. Anamangidwa mu 1941 pomuneneza kuti anali pachibwenzi ndi mkazi wachijeremani, ndipo anafera m'msasa wa Sachsenhausen mu Novembala 1944. Muuzeninso kuti mu 1937 ana mazana angapo a m'dera la Rhineland, obadwa kwa amayi achijeremani ndi asilikali a m'maiko olamulidwa ndi France, anatsekedwa mokakamiza kuti asadzabereke.

Palinso mbiri ya utsamunda, imene kunena zoona imapatsidwa nthawi yochepa m'makalasi ambiri poyerekeza ndi ya chipani cha Nazi, ndipo pamenepa ndimaona kuti maphunziro awo akadali operewera. Boma la Germany linavomereza mu 2021 kuti kuphedwa kwa Aherero ndi Anama ku Namibia pakati pa 1904 ndi 1908 kunali kupulula mtundu, ndipo mu Novembala 2023 pulezidenti Frank-Walter Steinmeier anapita ku Songea, kum'mwera kwa Tanzania, kukapempha chikhululukiro chifukwa cha nkhanza za pa nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907, imene mafumu a Angoni a kumeneko ananyongedwa. Songea sali kutali ndi nyanja yathu, ndipo ku Karonga kuli manda a asilikali amene anafa pamene magulu a Germany ndi Britain anamenyana mu Sepitembala 1914. Mwana akhoza kutchula zimenezi m'kalasi, ndipo aphunzitsi abwino amazilandira. Chokhacho, mulangizeni kuti asazitchule ngati akupikisanitsa maliro, ngati kuti pofuna kulira wake ayenera kuchepetsa wa mnzake, ndiponso kuti asayambitse mtsutso umenewo ali pamalo achikumbutsowo. Malo ake ndi m'kalasi, ulendo usanachitike kapena utatha.

Tsiku la ulendo

Njira yapafupi yomufotokozera khalidwe loyenera ndi kumuuza kuti akupita kumanda, chifukwa ndi mmene zililidi: phulusa la anthu masauzande lili m'nthaka ya malo amenewa. Mwana amene anafikapo pamaliro kwathu amadziwa kale kuti kumanda sathamanga, sakuwa ndipo sadyerako. Avale zaulemu ndiponso zofunda, chifukwa mbali yaikulu ya ulendowo imachitikira panja, ndipo pa Ettersberg pamazizira ngakhale m'miyezi imene m'tauni mukutentha. Adye bwino m'mawa, kamba wake akadyere m'basi kapena pamalo olandirira alendo kunja kwa mpanda. Kujambula zithunzi panja nthawi zambiri kumaloledwa, koma kudzijambula akumwetulira pachipata cholembedwa Arbeit macht frei (kutanthauza kuti ntchito imamasula) kapena pafupi ndi ng'anjo zowotchera mitembo n'kosayenera, ndipo kuziika pa Instagram kukhoza kumutsata zaka zambiri.

Ine ndinaperekezako kalasi ina ku Dachau monga kholo lothandiza aphunzitsi. M'basi munali phokoso la masiku onse, ena akumvetsera nyimbo, ena akulandana tchipisi. Titalowa pachipata chachitsulo tinafika pabwalo lalikulu la timiyala pamene akaidi ankaimikidwa m'mawa ndi madzulo kuti awerengedwe, nthawi zina kwa maola ambiri pachisanu. Wotiyendetsa anatiimika pamenepo kwa kanthawi osanena chilichonse, ndipo chinkamveka ndi timiyala tokha pansi pa nsapato. Mwa nyumba 34 zimene zinalipo, ziwiri zokha ndi zimene zinamangidwanso kuti alendo aone mabedi a matabwa osanjikizana katatu, pamene zinazo kunatsala maziko okha okhala ndi manambala, m'mbali mwa msewu wautali wa mitengo. Kumapeto kwa msewuwo, mukawoloka kamlatho, kuli nyumba ya ng'anjo, ndipo pamwamba pa khomo la chipinda china panalembedwa Brausebad, kutanthauza bafa, ngakhale kuti chinamangidwa kuti chikhale chophera anthu ndi mpweya wa poizoni. Wotiyendetsayo anafotokoza mosamala kuti ku Dachau chipindacho sichinagwiritsidwe ntchito kupha anthu mwaunyinji monga zinkachitikira ku Auschwitz. Pamenepo mnyamata wina anayamba kuseka, kuseka kosatha kudziletsa, ndipo ine magazi anandithamanga moti ndinatsala pang'ono kumukoka khutu. Aphunzitsi ake sanamukalipire. Anangomutengera panja n'kuima naye pansi pa mtengo, ndipo patapita mphindi zochepa ndinaona kuti mnyamatayo akupukuta misozi ndi mkono wa jekete. Muuzeni mwana wanu kuti anthu amalandira zoterezi mosiyanasiyana, kuti akhoza kulira, akhoza kuchita nseru, akhozanso kusamva chilichonse, ndipo ngati zamukulira ali ndi ufulu wopempha kutuluka.

Akabwerako

Musamupanikize ndi mafunso atangofika. Mupatseni chakudya, ndipo ngati akufuna kudzitsekera m'chipinda mulekeni, chifukwa ana ambiri amayamba kulankhula patapita tsiku limodzi kapena awiri, kawirikawiri pa nthawi imene simukuyembekezera, mwina mukutsuka mbale. Ngati patapita sabata akulotabe zoopsa kapena sakugona, lankhulani ndi aphunzitsi a kalasi yake.

Chinthu chimodzi chimene mungachitire limodzi ndi kuyang'ana pansi pamene mukuyenda m'dera lanu. M'mizinda yambiri, kutsogolo kwa nyumba zina, muli timiyala tokutidwa ndi mkuwa ta masentimita 10 mbali zonse, totchedwa Stolpersteine, timene katswiri wa zaluso Gunter Demnig anayamba kuika m'zaka za m'ma 1990 ndipo tsopano taposa 100,000 m'maiko ambiri a ku Ulaya. Kamwala kalikonse kali ndi dzina la munthu mmodzi, ndipo mawu ake nthawi zambiri amayamba ndi Hier wohnte, kutanthauza kuti pano pankakhala uje, kenako chaka chobadwa, tsiku limene anatengedwa ndi kumene anafera. Husen uja ali ndi kake pamsewu wa Brunnenstraße ku Berlin. Pa 9 Novembala mudzaona anthu atagwada m'mbali mwa msewu ndi kansalu, akupukuta timiyalato mpaka kuwala, n'kusiyapo kandulo kapena duwa. Ku Munich simudzatipeza m'misewu ya boma, chifukwa khonsolo ya mzindawo inamvera Ayuda ena, kuphatikizapo mtsogoleri wa Ayuda a mumzindawo Charlotte Knobloch, amene anati si ulemu kuti mayina a ophedwa azipondedwa ndi nsapato. Zimenezi zikusonyeza kuti ngakhale anthu ogwirizana pa kufunika kokumbukira amatsutsanabe pa kakumbukiridwe kake.

Pocheza ndi makolo anzanu

Ulendowu ukachitika, nkhaniyi ikhoza kubuka pamsonkhano wa makolo kapena pamene mwaitanidwa kukamwa khofi. Musafunse munthu amene simunazolowerane naye ngati agogo ake anali a chipani cha Nazi. Akafuna adzakuuzani yekha, ndipo ena amafotokoza mosabisa kuti anafufuza m'nkhokwe za zikalata za boma n'kupeza zinthu zimene banja lawo linabisa kwa zaka zambiri. Musawatonthozenso ndi mawu akuti zinapita kale, iwalani, ngakhale kuti kwathu amenewo ndi mawu achifundo, chifukwa kumeneko amamveka ngati mukugwirizana ndi anthu ofuna kutseka nkhaniyi.

Anthu oterowo alipo, ndipo mwana wanu adzakumana nawo. Mu 2017 Björn Höcke wa chipani cha AfD anatcha malo okumbukira Ayuda a pakati pa Berlin, aja a zipilala za simenti 2,711 amene anatsegulidwa mu 2005, kuti ndi chipilala cha manyazi, ndipo mu 2018 Alexander Gauland wa chipani chomwecho anayerekeza zaka za Hitler ndi chitosi cha mbalame m'mbiri yaitali ya dzikolo. Mawu awiriwa anadzudzulidwa kwambiri, komabe chipanicho chakhala chikupeza mavoti ochuluka. Pa nthawi yomweyi, anthu amene anaona zinthuzi ndi maso awo, amene masukulu ankawaitana kudzalankhula ndi ana, akutha: Margot Friedländer, amene anabwerera ku Berlin atakalamba n'kumayendera masukulu, anamwalira mu Meyi 2025 ali ndi zaka 103. Ngati sukulu ya mwana wanu ingaitane mmodzi mwa otsalawo, musalole kuti ajombe tsiku limenelo pa chifukwa chilichonse chimene chingadikire.

Kudziwa mbiri imeneyi kudzakuthandizaninso kumvetsa zinthu zina zimene zimadabwitsa alendo, monga kuti pa ndime zitatu za nyimbo ya fuko amaimba yachitatu yokha, kuti anthu ambiri anayamba kukupiza mbendera momasuka pa mpikisano wa mpira wa padziko lonse wa 2006, ndiponso kuti tsiku lokondwerera umodzi wa dziko ndi 3 Okutobala, osati 9 Novembala pamene khoma la Berlin linagwa mu 1989, popeza tsiku lomwelo ndi limene masunagoge anatenthedwa mu 1938.

Ngati mungathe, pitaniko nokha mwanayo asanapite kapena atangobwerako, koma ana aang'ono muwasiye kunyumba, chifukwa oyang'anira malowa amalangiza kuti zionetsero zake n'zoyenera achinyamata osinkhukirapo. Kulowa n'kwaulere. Kuchokera ku Munich mukwere sitima ya S2 mpaka pasiteshoni ya Dachau, kenako basi nambala 726, ndipo mupatule theka la tsiku kapena kuposerapo, chifukwa nyumba ya zionetsero yokha imadya maola awiri ngati mukuwerenga zolembedwa pamakoma.